Mphindi Zitatu za Efraín

Tsiku limene akwawo kwa Efraín anabwera kudzandifunsira, amayi anakolopa pabalaza kawiri, kenako n'kundikalipira kuti ndapondapo. Linali Lamlungu, titangobwera ku Misa. Ababa anavala shati yoyera imene amavala pamaliro pokha, ndipo ine anandiuza kuti ndibisale kukhitchini mpaka atandiitana, ngati kuti alendowo sanandionepo chibadwire. Anthu oti takhala nawo m'tauni imodzi ya Santa Rufina moyo wanga wonse!

Anafika atatu: Bambo Teodoro Barragán, akazi awo Mayi Amparo, ndi Efraín pambuyo atanyamula dengu la zipatso, thukuta lili kamukamu. Ndinkasuzumira pampata wa chitseko, mtima ukugunda ngati ndaba.

"A Fermín," anayamba Bambo Barragán, "mwana wathuyu waona duwa pakhomo panu pano. Tabwera mwaulemu kudzapempha."

Ababa anayankha mmene amayankhira makolo onse ochokera kwathu ku Michoacán, kutsidya kwa malire a dziko lino. Yankho silituluka tsiku lomwelo, mwana wamkazi si thumba la anyezi.

"Tamva. Mutipatse masiku khumi ndi asanu. Lamlungu lachiwiri mudzabwerenso inuyo amene mwapempha, mudzamve yankho."

Apa m'pamene anandiitana. Ndinalowa ndi jagi ya madzi a chidede, n'kuthirira aliyense. Bambo Barragán anandimwetulira, mano onse pamtunda.

"Koma pali kanthu kamodzi, mwana wanga Araceli. Masiku amenewa maso a anthu ali pa iwe. Zoyenda khomo ndi khomo ndi timabotolo zija uzisiye. Mpongozi wa kwa Barragán sakhala wolongolola pamisonkhano."

Nkhani ya timabotoloyo ili chonchi. Tauni yathu inagawidwa pakati ndi ngalande. Kum'mawa kumakhala eni minda ndi akapitawo awo, ndipo ali ndi chitsime chatsopano. Kumadzulo tiliko ife othyola mphesa ndi malalanje, ndipo mipopi yathu imakoka kuchitsime chakale, pafupi ndi makola a ng'ombe za mkaka. Khanda la Nayeli, mnansi wathu, litagonekedwa m'chipatala milomo itabiriwira, ine ndi amayi ena tinatunga madzi m'nyumba makumi anayi n'kukayezetsa kumzinda wa Fresno. Anapezamo zotsalira za feteleza ndi ndowe, kuposa katatu mlingo wololedwa. Tsono wapampando wa komiti ya madzi, amene amaima mwezi uliwonse n'kunena kuti madzi ali bwinobwino, ndi Bambo Barragán omwewa. Efraín ndiye amayang'anira mapampu. Ndipo msonkhano umene ndinkati ndikaulule zotsatirazo unali Lachinayi, kutatsala masiku atatu kuti yankho liperekedwe.

Amayi ananditsina kumsana.

"Ndamva, bambo," ndinatero.

Kumva ndinamvadi, makutu ndili nawo. Koma kuvomera sindinavomere.

* * *

Meseji ya Efraín inalowa galimoto yawo isanaoloke n'komwe ngalande.

"Wakwiya?"

"Ayi, ndikuvina."

"Araceli, chonde."

"Bambo ako abwera kudzandifunsira kapena kudzanditseka pakamwa?"

"Tikumane mawa tikaweruka. Pa Mayi Chole."

Mayi Chole amagulitsa chimanga chootcha pakona ya tchalitchi, ndipo zibwenzi zonse za kumadzulo zimayambira ndi kuthera pamenepo. Ndinamupeza atandigulira kale changa, chothira tsabola wambiri mmene ndimakondera. Mnyamata ameneyu amadziwa pondigwira.

"Sindikunena kuti usiye," anatero. "Ndikuti udikire. Ababa ako akavomera, ukalankhule mwezi wamawa."

"Mwezi wamawa uti? Ikayamba nyengo yokolola mphesa komiti imapuma mpaka Novembala. Ukudziwa bwinobwino iwe. Makanda azimwa chiyani mpaka Novembala?"

"Ndiye alankhule wina."

"Ndani? Nayeli? Mwamuna wake amagwira ntchito m'munda wa membala wa komiti, m'mawa mwake angomuuza kuti asabwerenso. Mayi Chole awa? Alibe mapepala okhalira m'dziko lino, akangomva dzina lawo pamaikolofoni sagona mwezi wathunthu."

"Ana inu, musanditchule!" anakuwa Mayi Chole osatembenuka. "Ine ndikuotcha chimanga, sindinamve kanthu."

"Ine ndinabadwira konkuno," ndinapitiriza. "Mabotolo ndinasainira ndine. Ndikapanda kuima ine, palibe amene aime."

Efraín anapukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja.

"Ukalankhula, ababa sadzabweranso kudzamva yankho. Ndimawadziwa."

"Nanga iwe udzabwera?"

Anangoyang'ana chimanga chake ngati palembedwa mawu. Ndimamukonda Efraín, sindibisa ayi. Ndinayamba kumukonda tili kusekondale, tsiku limene anandinyamula panjinga nsapato yanga itaduka. Koma tsiku limeneli ndinalakalaka kumugogoda ndi chitsononkho pamphumi.

"Ndipatse nthawi ndiganize," anatero.

"Uli ndi masiku khumi. Ndi ambiri kuposa amene khanda la Nayeli linapatsidwa."

Ndinamusiya pomwepo. Chimanga ndinanyamula, sichinandilakwire.

* * *

Loweruka ndinali pamzere wa makina ogulitsa madzi kunja kwa golosale, zigubu zinayi zili kumapazi, pamene kunatulukira Briseida Olvera. Briseida ndi kalaliki wa ku ofesi ya madzi, wa kum'mawa, zikhadabo zazitali zopaka utoto wofiira. Ndi amene Mayi Amparo anamusankhira mwana wawo kalekale, ndipo tauni yonse imadziwa.

"Iii, mkwatibwi!" anatero mokweza kuti mzere wonse umve. "Kusenza zigubu wekha? Nanga Efraín ali kuti? Aa, ndaiwala, mwina akadali wokhuta. Dzulo tinadyera limodzi kwa Mayi Amparo."

"Anadya bwino?"

"Mpaka kuwonjezera."

"Zikomo, mchemwali. Wandipeputsira ntchito, amadya kwambiri amene uja."

Amayi a pamzere anaseka. Briseida anasendera pafupi, fungo la pafyumu lili guu.

"Ndamva ukufuna kulankhula Lachinayi. Usaiwale kuti makhadi amene ofuna kulankhula amalembapo mayina amadutsa m'manja mwanga. Sikisi koloko ikangokwana ndimatseka bokosi. Si ine, ndi lamulo."

"Ndiye ukazipake bwino zikhadabozo, khadi langa lisakaterereke."

Ndinalankhula molimba mtima, koma nkhani ya chakudya ija inandiwawa. Nsanje ndi matenda oipa, anthuni. Nditangokweza zigubu m'galimoto ndinatenga foni.

"Unadya bwino dzulo?"

"Amayi ndi amene anamuitana. Ine sindinadziwe."

"Pakamwa anakutsegulanso ndi amayi ako?"

"Araceli, ndinangodya basi."

"Uzidya. Ine ndili pamzere wa madzi."

Anaimba kasanu. Sindinayankhe, ndipo mpaka Lachinayi sitinalankhulane.

* * *

Lachitatu madzulo amayi anandipanikiza kukhitchini tikukulunga matamale, timikate ta ufa wa chimanga, m'makoko a chimanga.

"Mwana iwe, banja labwino ngati lija ulitaye chifukwa cha mphindi zitatu zolankhula pamsonkhano? Ine ndinakwatiwa nditatseka pakamwa, ndipo ndili moyo."

"Amayi, muli moyo chifukwa mumamwa madzi a m'zigubu zimene ndimasenza ine."

"Taonani kuyankha! A Fermín, mukumumva mwana wanuyu?"

Ababa anali pakhomo akuvula nsapato za kumunda. Ndi munthu wosalankhulalankhula, zaka makumi atatu akudulira mphesa za anthu ena osadandaula. Anamaliza kumasula zingwe kaye.

"Yankho ndili nalo kale mumtimamu," anatero. "Koma yankho limapita kwa amene anapempha. A Teodoro anapempha ndi pakamwa pawo, adzamve ndi makutu awo. Akapanda kubwera, palibe chimene ndinganene. Agogo ako anachita choncho, ine sindisintha."

"Ndiye mukundiletsa, ababa?"

"Sindinakuletse. Ndangokuuza kumene msewuwo ukupita."

Amayi anayamba kulira, misozi n'kumagwera mu ufa. Inenso ndinkafuna kulira, chifukwa ukwatiwo ndinkaufuna, diresi ndinali nditaliona kale pawindo la sitolo ku Fresno. Koma ndikatseka maso ndinkaona milomo ya khanda lija. Ndinapitiriza kukulunga matamale.

* * *

Lachinayi ndinabwereka galimoto ya msuweni wanga n'kuyamba kututa amayi kuchokera m'minda. Komiti imayamba msonkhano sikisi koloko, pamene anthu athu amaweruka hafu faifi kutali kuminda, ndipo musandiuze kuti zimenezi zinangochitika mwangozi. Ndinayenda maulendo atatu. Paulendo womaliza thirakitala inatitsekera pamlatho wa ngalande, ikuyenda ngati ikuperekeza maliro.

Ndinalowa mu holo thukuta lokhalokha. Briseida anali patebulo la pakhomo, dzanja lili pamwamba pa bokosi.

"Zadutsa mphindi zinayi, mchemwali. Pepa."

"Briseida, ndakhala ndikututa anthu. Ukuwaona awa."

"Ndikuwaona. Akhoza kukhala pansi n'kumvetsera, n'zololedwa."

Ndinayang'ana m'holomo. Amayi oposa makumi asanu, ena mipango ya kumunda ikadali kumaso, aliyense botolo la madzi a pampopi wake lili pamiyendo. Ndinawakoka ndine, ena anabwera akunjenjemera, ndipo tsopano ndinalibe pakamwa. Ndinakhala kumbuyo. Efraín anali kutsogolo pakona, atavala yunifolomu yake ya buluu, ndipo sanacheuke.

Anakambirana zogula utoto wopaka thanki. Anakambirana za mpanda. Kenako Bambo Barragán anatsegula bokosi lija, n'kupezamo makhadi awiri okha. Loyamba linali la mkulu wina wa kum'mawa wodandaula kuti madzi akutuluka mofooka pothirira kapinga wake. Kapinga, abale! Anatha mphindi zake zonse zitatu.

Bambo Barragán anatenga khadi lachiwiri. Analiyang'ana nthawi yaitali, n'kuvula magalasi, n'kuvalanso.

"Efraín Barragán," anawerenga.

Efraín anaimirira n'kupita pamaikolofoni.

"Bambo wapampando, malamulo a komiti ino amati mwini khadi akhoza kupatsa munthu wina nthawi yake. Mphindi zanga zitatu ndikupereka kwa Araceli Quiroz."



"Khala pansi, mwana iwe," anatero bambo ake.

"Kunyumba ndine mwana wanu. Muno ndine khadi lachiwiri."

Bambo Barragán anatembenukira kwa loya wa komiti. Loyayo anatsegula buku lake, n'kugwedeza mutu kuti n'zoona. Mayi Chole anakuwa kumbuyo kuti, "Pita, mwana wanga!" ataiwala kuti iwo samva kanthu.

Podutsana pakati pa mipando Efraín anandinong'oneza kuti, "Ndinalemba faifi koloko. Ndimadziwa kuti iwe sufika nthawi yake." Ndikanakhala ndi mpata ndikanamupsompsona n'kumumenya nthawi imodzi.

Briseida anadina wotchi.

"Dzina langa ndine Araceli Quiroz, wa kumadzulo kwa ngalande," ndinayamba. "Madzi a m'nyumba makumi anayi tinakayezetsa, ndipo nyumba zonse makumi anayi zalephera. Mapepala ndi awa. Inu mumati madzi ali bwino. Ali bwino kwa ndani? Ife timadzuka mdima kukathyola mphesa zimene mumadya, tikabwera timakaima pamzere wa zigubu, pamene inu mukuthirira kapinga ndi madzi oyera. Mwana wa miyezi itatu wagona m'chipatala masiku anayi. Amayi ake ali muno, sindiwaloza, chifukwa ndikudziwa zimene mumachita ndi anthu olozedwa. Chitoliro cha chitsime chatsopano chimathera pangalande. Tikufuna chioloke. Sitinabwere kudzapempha chifundo, tauni ino ndi yathunso. Andiuza kuti mkazi wofunsiridwa amakhala chete. Ndikhala chete tsiku limene mwana wa kumadzulo adzamwe madzi amene mdzukulu wanu amamwa."

Wotchi inalira. Amayi onse anakweza mabotolo awo m'mwamba, osakuwa, osaimba, kungokweza basi.

Ndinapita patebulo la Briseida n'kuika mapepala aja.

"Pepala loperekedwa pamsonkhano limadindidwa n'kutumizidwa kuboma. Si ine, mchemwali, ndi lamulo."

Anadinda mwamphamvu mpaka chikhadabo chimodzi chinathyoka.

Potuluka Bambo Barragán anaima patsogolo panga, osayang'ana ine, osayang'ananso mwana wawo.

"Ukawauze bambo ako kuti Lamlungu ndili ndi zochita."

* * *

Lamlungu amayi anaphikabe. Anati mwina mtima wa munthu umasintha. Ababa anavala shati yoyera ija n'kukhala pabalaza kuyambira wani koloko, manja ali pamaondo. Itakwana fili koloko tinamva kugogoda.

Anali Efraín yekha, wapansi, chikwama cha zovala chili paphewa.

Ndinamuthamangira n'kumukumbatira pamaso pa makolo anga, manyazi onse nditataya. Koma iye sanandigwire. Thupi lake linali gwa ngati mtengo.

"Bambo Quiroz, ndabwera kudzamva yankho," anatero.

Ababa anamuyang'ana mwachifundo.

"Mwana wanga, zimene unachita Lachinayi ndi zachimuna, ndinamva. Mpando ndikupatsa, chakudya ndikupatsa. Koma yankho sindingakupatse. Anapempha ndi bambo ako."

"Ababa!" ndinakuwa. "Munthu wathamangitsidwa kwawo chifukwa cha ife!"

"Ndikuona chikwamacho. Koma mwana sadzifunsira yekha."

Efraín anapisa m'thumba n'kutulutsa pepala lopindidwa. Analiika patebulo pakati pa mbale.

"Ababa akuti abwera lero lomwe, ngakhale pompano, ngati Araceli asaine ili."

Ndinalitambasula. Linalembedwa pamakina, ndipo ndinadziwa zala zimene zinalilemba. Linkanena kuti ine Araceli Quiroz ndinatunga madzi aja mosatsata ndondomeko, m'mabotolo osatsuka, ndipo ndikubweza mawu anga onse.

Ndinaseka, ngakhale panalibe choseketsa.

"Ndiye iwe wanyamula bodza ili kuchokera kum'mawa mpaka kuno? Unandipatsa mphindi zako kuti ndizimezenso?"

"Sindikukuuza kuti usaine."

"Nanga walibweretsera chiyani?"

"Kuti usankhe ukudziwa zonse." Anatula chikwama chija pansi. "Aboma anaimba foni Lachisanu. Akubwera Lachiwiri. Akufuna kudziwa chifukwa chake mapepala a komiti mwezi ndi mwezi ankaonetsa kuti chitsime chakale chili bwino."

"Aziwafunsa bambo ako."

"Ababa sanasainepo pepala ngakhale limodzi, Araceli. Amene amatunga madzi a mwezi ndi mwezi ndine. Zaka ziwiri zapitazo anandiuza kuti ndizitunga mabotolo onse awiri pampopi wa ku ofesi, ati kuchitsime chakale n'kutali, madzi ndi amodzimodzi. Ndinkatunga kum'mawa, n'kulemba kuti ndatunga kumadzulo. Dzina lili pansi pa pepala lililonse ndi langa."

Amayi anagwira pakamwa.

"Zaka ziwiri," ndinatero. "Khanda la Nayeli likupita kuchipatala, iwe unkadziwa?"

"Tsiku limenelo m'pamene ndinazindikira chimene ndachita. Ndinkaopa kukuuza."

"Umandionerera ndikuyenda khomo ndi khomo miyezi isanu! Umandigulira chimanga!"

"Eya."

"Ndipo unaponya khadi lija ukudziwa kuti zikubwerera iwe?"

"Eya."

Sindinadziwe kuti munthu ungamukonde ndi kunyansidwa naye pa mphindi yomweyo. Ndinkafuna kumutulutsa ndi tsache, ndinkafunanso kumubisa kuchipinda kuti asamupeze.

"Akakupeza wolakwa akutani?" anafunsa ababa.

"Laisensi ya ntchito yanga andilanda. Loya akuti mwina ndi kukhoti komwe."

Amayi anathamangira pakabati n'kubwera ndi bolopeni. Anaiika m'dzanja langa n'kundifumbatitsa zala.

"Saina, mwana wanga. Upulumutse mwamuna, upulumutse ukwati. Madziwo Mulungu aona."

Ndinayang'ana pepalalo, ndinayang'ana Efraín. Kenako ndinaika bolopeni pansi, n'kung'amba pepalalo pakati, n'kung'ambanso.

"Ukawapatse bambo ako," ndinatero ndikumuikira zidutswazo m'manja. "Uwauze kuti mabotolo anga anali otsuka."

Ababa anaimirira pang'onopang'ono n'kuyamba kumasula mabatani a shati yawo yoyera. Amayi anakhala pansi n'kufundira epuloni kumaso.

Efraín sanasunthe. Maso ake anali ofiira.

"Pali chinanso," anatero. "Lachiwiri akufuna mboni ya kumadzulo, yoti ilumbire kuti sinandionepo ndikutunga madzi kuchitsime chakale. Chitsimecho chili kuseri kwa mpanda wanu, Araceli. Briseida wawapatsa dzina lako."